Mzere, mphete kapena chibulunga: kuthetsa mavuto pojambula thambo ndi telesikopu ku Salima

Vuto limene limabwerabwera kwa aliyense amene wangoyamba kujambula thambo ndi telesikopu ndi ili: mukasuzumira ndi diso mwezi uli bwinobwino, maenje ake onse akuoneka, koma mukachotsa eyepiece (kagalasi kosuzumirapo ndi diso) n'kulumikiza kamera, chotuluka ndi chibulunga choyera mbee, apo ayi mdima bii. Zikatero ambiri amathamangira ku ISO, nambala ya pa kamera yokwezera kapena kutsitsira kuwala kwa chithunzi. Akweza, atsitsa, akwezanso, mpaka tambala kulira. Chonsecho nthawi zambiri ISO imakhala ilibe mlandu.

Chithunzi choipacho musachifufute. Chikulitseni pasikirini ya kamera mpaka pothera, muyang'anitsitse nyenyezi imodzi. Kodi yatuluka mzere wowongoka, mphete ya bowo pakati, kamzere kokhotakhota, kapena yangofufuma? Chilichonse mwa izi chili ndi gwero lakelake, ndipo mukamakonza china pamene chavuta ndi china, usiku umangopita pachabe. Manambala amene nditchule ndatengera telesikopu imene ambiri amayambira, ya mtundu wa Newtonian, ya kalilole wa mamilimita 114 ndi focal length (mtunda wochokera pa kalilole kufika pamene kuwala kumakumanirana) ya mamilimita 900, yolumikizidwa ku kamera ya sensa ya APS-C. Ngati yanu ndi ina, manambala ake mukawapeza pasitika ya m'mbali mwa chubu.

Kamera ikukana, kapena sikirini ili bii

Izi n'zachidule. Telesikopu silankhulana ndi kamera, ndiye kamera imayesa kuti palibe lenzi. Canon imalemba 00 pamalo a f, Nikon imalemba F ndi timizere tiwiri, ndipo ma Nikon ang'onoang'ono sajambula mpaka mutaika pa M (manual). Makamera a mirrorless (opanda kalilole m'kati) ali ndi pake m'menyu polola kujambula popanda lenzi. Pa Sony pamalembedwa Release w/o Lens. Nambala ya f simungaisinthe chifukwa ndi ya telesikopu: mukagawa 900 ndi 114 mupeza pafupifupi f/8. Zotsala m'manja mwanu ndi ziwiri basi, shutter speed (nthawi imene kamera imakhala yotsegula kuti kuwala kulowe) ndi ISO.

Ngati sikirini ikadali yakuda ndipo chivundikiro chakutsogolo munachotsa, kaikirani finder, katelesikopu kakang'ono kolozera ka pamwamba pa chubu. Pa mamilimita 900 kamera imaona kachigamba kakang'ono ka thambo, pafupifupi digiri imodzi ndi theka m'litali. Mwezi ndi theka la digiri, umakwana. Nsangwe sizikwana zonse. Finder ikaphonya pang'ono pokha, mumakhala mukujambula pambali. Ikonzeni kukuwala: kuchokera ku Senga Bay lozani chilumba cha Namalenje kapena nsanja ya netiweki ya patali, muike chinthucho pakati pa sikirini, kenako musunthe tisikuluwu ta finder mpaka nayo ilozenso pomwepo. Chitani zimenezi madzulo. M'mawa dzuwa limatulukira kunyanja komweko, ndipo likangolowa m'telesikopu yopanda fyuluta yake yeniyeni limaotcha sensa ndi diso lomwe m'kanthawi kochepa.

Mphete: fokasi sinakhale

Nyenyezi ikatuluka yotambalala, yozungulira, bowo lakuda lili pakati, musakhudze china chilichonse kupatula fokasi. Bowolo si kuwonongeka kwa kamera, ndi mthunzi wa kakalilole kachiwiri kamene kali kukamwa kwa chubu. Telesikopu ya malenzi okhaokha imatulutsa chibulunga chopanda bowo, koma nkhani ndi yomweyo. Fokasi ikataya kwambiri, kuwala kwa nyenyezi kumamwazika mpaka kuzimiririka, munthu n'kumayesa kuti waloza popanda kanthu.

Autofocus pano palibe. Yatsani Live View (kuonera pasikirini zimene kamera ikuona), kwezani ISO pa 3200 kwa kanthawi, ikani nyenyezi yowala pakati, mukulitse kakhumi. Potozani fokasi pang'ono, chotsani dzanja, dikirani kugwedera kuthe, muone ngati kadontho kachepa. Pitirizani mpaka mudutse pabwinopo, kadontho kayambenso kukula, ndiye mubwerere. Chizindikiro chodalirika n'chakuti tinyenyezi timene poyamba sitimaoneka timayamba kutuluka m'mbali. Mukafika pamenepo mangani kasikuluwu ka pa focuser, pamene mumapotozera fokasi, chifukwa kamera ndi yolemera ndipo imakoka fokasi mwakachetechete. Pakatha ola onaninso, poti usiku ukamazizira chubu chimafupika pang'ono ndipo fokasi imasuntha.

Nyenyezi yoyesera isankheni bwino. Mu Juni ndi Julayi, Antares, yofiirira ija ya mu Scorpius, imakwera kufika pafupi ndi pamutu. Spica ndi Arcturus nazonso n'zabwino. Alpha Centauri, yowala kwambiri mwa ziwiri zimene zimaloza ku Southern Cross, imakopa chifukwa ili poonekera, koma ndi nyenyezi ziwiri zogundizana, ndipo pa mamilimita 900 imatuluka yapawiri kapena yotalikirapo mbali imodzi. Munthu atha kulimbana nayo ola lonse akukonza vuto loti palibe.

Ngati maso akukukaikitsani, pangani Bahtinov mask, chivundikiro chokhala ndi mipata yodulidwa moloza mbali zitatu, chimene Pavel Bahtinov wa ku Russia anatulukira mu 2005. Chikakhala kukamwa kwa chubu, nyenyezi imatulutsa mizere itatu: iwiri yopingasana ngati X, wachitatu wodutsa pakati pawo. Wachitatuwo ukadutsa pakatikati pa X, fokasi yakhala. Pulani yake imapezeka pa intaneti ya saizi iliyonse, ndipo katoni yolimba ndi lezala zikukwanira. Mukumbukire kuchichotsa musanayambe kujambula.

Pali vuto lina lopweteketsa mutu. Mwapotoza mpaka focuser yalowa yonse, yagunda, koma mphete inali ikadachepa, sinatseke. Apa olakwa si inu. Ma Newtonian ambiri otsika mtengo anawapangira diso, ndipo pamene kuwala kumakumanirana ndi pafupi kwambiri ndi chubu. Sensa ya DSLR (kamera ya kalilole m'kati) ili m'kati mwenimweni mwa kamera, mamilimita 44 kuchokera pakamwa pa Canon EF, 46.5 pa Nikon F, ndipo mukaikapo T-ring (mphete yolumikizira kamera ku telesikopu) mtundawo umafika 55. Sensa siingafike pamene kuwala kuli. Njira yapafupi ndi Barlow ya 2x (kagalasi kokulitsa kawiri), imene imakankhira fokasi kunja. Koma ili ndi mtengo wake: focal length yafika 1,800, kuwala kwachepa kanayi, mwezi wathunthu sukwananso wonse m'chithunzi, ndipo kugwedezeka kulikonse kwakula kawiri. Pa ma Barlow ambiri kagalasi kakumunsi kamamasuka. Mukakamangirira kumphuno kwa T-adapter mwachindunji, kamakulitsa pafupifupi 1.5x, ndipo nthawi zambiri fokasi imafika. Kamera ya mirrorless yokhala ndi adaputala yaifupi kawirikawiri vuto limeneli ilibe, poti sensa yake ili pafupi ndi pakamwa, mamilimita 18 okha pa Sony E.

Mzere wowongoka: dziko likuzungulira

Nyenyezi zonse zikalowera mbali imodzi, mizere yake yofanana kutalika, ndiye kuti shutter inakhala yotsegula nthawi yaitali kuposa mmene thambo limalolera. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola. Mwezi umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi ziwiri zokha. Pa mamilimita 900, nyenyezi ya mu Akamwiniatsatana imadutsa mapikiselo pafupifupi 15 pa sekondi imodzi. Lamulo la ojambula lopezera masekondi pogawa 500 ndi focal length (pa APS-C mugawenso ndi 1.5) limathandiza pojambula Mlalang'amba ndi lenzi wamba ya mamilimita 18, pomwe limakupatsani masekondi 15 mpaka 20. Pa telesikopu limakusiyirani gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, ndipo ngakhale pamenepo mzere umaonekabe mukakulitsa.

Nyenyezi za kumwera kwenikweni zimayenda pang'onopang'ono. Za ku Southern Cross zimayenda theka la liwiro la za mu Akamwiniatsatana, ndiye kagulu ka Jewel Box, kamene kali pambali pa mtandawo, kamatheka ndi theka la sekondi pa ISO 3200. Kupitirira apo musadzinamize. Popanda mota yotsatira thambo, zanu ndi mwezi, Jupiter, Saturn, Nthanda ndi timagulu towala. Ma nebula, mitambo yofooka ya mpweya ndi fumbi ya pakati pa nyenyezi, amafuna mota, ndipo palibe ISO imene ingalowe m'malo mwake.

Nanga mota ilipo koma mizere ikutulukabe? Yambani ndi swichi yolembedwa N ndi S. Telesikopu yogulidwa kwa munthu wa ku Ulaya kapena ku America imabwera ili pa N, ndipo kuno imazungulira chobwerera, moti mzere umatalika kawiri kuposa mota itazimitsidwa. Ikani pa S.

Kenako kalozedwe kake. Kabuku kamene kanabwera ndi telesikopu kakuuzani kuti mulozetse mount (mutu wa pa tripod umene umanyamula telesikopu) ku Polaris, nyenyezi ya kumpoto. Polaris kuno sioneka, ili kunsi kwa chizimezime. Ife timaloza kumwera, ndipo kumeneko kulibe nyenyezi yowala yotithandiza. Sigma Octantis ndi yofooka kwambiri, ndipo ili m'munsi momwe mumakhala utsi ndi fumbi. Pa sikelo ya m'mbali mwa mount ikani madigiri 14 ngati muli ku Salima, 13 ngati muli ku Nkhotakota. Kumwera mukupeze ndi Southern Cross: tsatirani mzere wautali wa mtandawo kuchokera kumutu kudutsa kuphazi, muutalikitse kanayi ndi theka, ndipo pamene wathera ndi pomwe thambo lonse limazungulirapo. Kampasi ya pafoni imathandiza, bola muime patali ndi zitsulo za mount. Pa madigiri otsika chonchi, ma mount ena chitsulo cholemera cholinganiza kulemera kwa telesikopu chimagunda mwendo wa tripod. Tembenuzani mutu wa mount kuti chitsulocho chigwere pakati pa miyendo iwiri.

Ngati mount yanu ndi ya GoTo, yoloza yokha ku nyenyezi, onaninso zimene munalowetsa: latitude ikhale S osati N, longitude madigiri 34 E, nthawi +2, daylight saving ayi. Ambiri mwa makinawa amafuna mwezi poyamba kenako tsiku, ndiye 6 Julayi mukamulemba mwachizolowezi chathu amasanduka 7 Juni, telesikopu n'kumaloza kwina. Zonse zikakhala bwino, yesani masekondi 30, kenako 20, kenako 10, mutenge yaitali imene nyenyezi zikadali zozungulira. Ngati ndi 10, landirani 10.

Kamzere kokhotakhota: china chake chagwedezeka

Mzere wa kuzungulira kwa dziko umakhala wowongoka. Wokhota, wa kamchira, kapena nyenyezi yotuluka kawiri, ndi chala chanu, kalilole wa m'kamera, mphepo kapena mchenga. Chala chimathetsedwa ndi timer ya masekondi 10. Ya masekondi 2 siikwanira pa tripod yopepuka. Pa DSLR jambulani muli mu Live View kapena yatsani mirror lock-up, kuti kalilole asamenye nthawi yomwe shutter ikutseguka.

Mphepo ndiye mdani wathu kunyanja kuno. Miyezi imene thambo limayera kwambiri, Meyi mpaka Ogasiti, ndi yomweyo imene mwera umaomba, ndipo chubu cha Newtonian chimagwira mphepo kwambiri. Imani kumpoto kwa khoma kapena kwa galimoto, miyendo ya tripod musaitalikitse yonse, ndipo pakati pake mangani chigubu cha malita 5 chodzaza madzi. Chingwe chake chikhale choti chigubu chikungokhudza pansi. Chikamalendewera, chimayamba kugwedeza chokha. Pamchenga miyendo imatitimira pang'onopang'ono, makamaka inu mukamayendayenda pafupi, ndipo kalozedwe ka kumwera kaja kamasokonekera osadziwa. Ikani njerwa kapena kathabwa pansi pa mwendo uliwonse. Pakhonde la matabwa la kumalo ogona alendo musayese n'komwe, mapazi a munthu wodutsa amaoneka m'chithunzi.

Kufufuma: mame, mpweya ndi utsi

Ili ndi limene limasokoneza chifukwa limafanana ndi fokasi. Kusiyana kwake n'kwakuti limabwera pang'onopang'ono. Zithunzi zoyamba zinali zakuthwa, patapita ola nyenyezi zowala zavala kachifunga, zofooka zasowa. Unikani kutsogolo ndi tochi cham'mbali: mupeza galasi lachita mbuu ndi mame. Usiku umene mwera waleka ndipo kuli bata ndi umene mame amagwa kwambiri m'mbali mwa nyanja. Musapukute ndi malaya, chifukwa pagalasipo pamakhala timchenga ndipo mudzalikanda. Pindani katoni kapena kamphasa ka siponji kukhala chubu chotulukira kutsogolo, kutalika kwake kuposa kukula kwa galasi kamodzi ndi theka. Amene ali ndi power bank atha kuzengereza lamba wotenthetsa wa USB pafupi ndi galasi. Telesikopu ya malenzi ndi ya Maksutov ndi zimene zimagwidwa msanga. Pa Newtonian amayamba ndi kakalilole kachiwiri ndi finder.

Ngati galasi ndi louma koma mwezi mu Live View ukunjenjemera, m'mphepete mwake mukuwira ngati ndalama yachitsulo imene ili pansi pa madzi osaya mafunde akudutsa, vuto ndi mpweya. Aliyense ku Senga Bay amafuna kujambula mwezi ukutuluka m'nyanja, ndipo ndi lenzi wamba chithunzicho n'chokongola. Pa telesikopu ndi nthawi yoipitsitsa, chifukwa kuwala kukudutsa mpweya wochindikala kwambiri. Dikirani maola awiri, mwezi ukwere madigiri 30 kapena kuposerapo. Musaloze modutsa pamwamba pa denga la malata, pasimenti imene yakhala padzuwa tsiku lonse, kapena pambaula. Telesikopu imene yakhala m'galimoto yotentha itulutseni ikhale panja theka la ola.

Seputembala ndi Okutobala mitambo kulibe, koma thambo limakhala lotuwa ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi. Mwezi ndi mapulaneti zimathekabe, zofooka zimamira. Nyali za asodzi a usipa nazo zimachuluka usiku wopanda mwezi, womwe ndi umene ife timaufuna, koma kuwala kwake kumathera m'munsi cha kum'mawa. Lozani m'mwamba. Magetsi akathima m'tauni, kwa wojambula thambo ndi phwando.

Nyenyezi za m'makona zikatuluka ndi kamchira koloza kunja pomwe zapakati zili bwino, ndi chibadwa cha Newtonian, dulani m'mbalimo. Kamchirako kakakhala ndi pakati pomwe, akalilole asuntha, zimene zimachitika mukayenda nayo pamsewu wa mabampu, ndipo telesikopu ikufunika collimation, kuwongola akalilolewo kuti ayang'anane bwino.

Mwezi woyera mbee

Tsopano ndi pamene shutter ndi ISO zikulowa. Kamera imaona mdima wochuluka wozungulira mwezi n'kuganiza kuti kukufunika kuwala kwambiri, chonsecho mwezi ndi mwala umene ukuwombedwa ndi dzuwa, wowala ngati masana. Pa M, ndi f/8, mwezi wathunthu yambirani pa ISO 100 ndi 1/250. Wa theka, ISO 400 ndi 1/250. Wongooneka kumene, ISO 800 ndi 1/125. Kutsika pansi pa 1/125 kumaitana kugwedezeka, ndi bwino kukweza ISO. Musakhulupirire sikirini, usiku imaoneka yowala kuposa zoona. Onani histogram, girafu ya kuwala kwa chithunzi, isagunde khoma la kumanja.

Ine ndimaona kuti mwezi wathunthu ndi wosasangalatsa kujambula. Dzuwa limauwomba chamaso, mithunzi palibe, chooneka bwino ndi mizere yoyera yochokera ku dzenje la Tycho basi. Masiku a theka, m'malire a kuwala ndi mdima, phiri lililonse limakhala ndi mthunzi wake, ndipo patangopita tsiku limodzi kapena awiri dzenje la Copernicus limatulukira ndi makoma ake onse.

Jupiter amakhumudwitsa koyamba: pa mamilimita 900 ndi kadontho ka mapikiselo pafupifupi 45. Kuti malamba ake aoneke yesani ISO 400 ndi 1/125. Miyezi yake inayi, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo anaiona mu 1610, imafuna nthawi yotalikirapo, ndipo pamenepo Jupiter mwini amapsa n'kukhala woyera. Sankhani chimodzi. Kwa mapulaneti chithunzi chimodzi sichipindula. Jambulani vidiyo ya mphindi imodzi kapena ziwiri, osapitirira, poti Jupiter amazungulira m'maola osakwana 10. Mapulogalamu aulere a PIPP ndi AutoStakkert amasankha mafelemu amene mpweya unali phee n'kuwaphatikiza, RegiStax n'kunola.

Timadontho tamitundumitundu

Tofiira, tobiriwira, tokhala pamalo amodzimodzi m'chithunzi chilichonse, ndi mapikiselo otentha, ndipo kutentha kwa Salima mu Okutobala kumawachulukitsa. Zimitsani Live View mukamaliza fokasi kuti sensa ipume. Jambulani mu RAW, white balance pa Daylight, ISO 800 kapena 1600. Long exposure noise reduction izimitseni, imadya theka la usiku wanu. M'malo mwake pomaliza vundikirani telesikopu, mujambule zithunzi 20 za mdima pa ISO yomweyo ndi masekondi omwewo, musanachoke pamalopo. Siril kapena DeepSkyStacker imazigwiritsa ntchito pochotsa timadonthoto.

Kukhakhala kwa chithunzi chonse kumachepa ndi kuchuluka kwa zithunzi: mukaphatikiza 16 kumachepa kanayi, mukaphatikiza 64 kasanu ndi katatu. Ndiye masekondi 10 aja si ochepa ngati mwajambula kambirimbiri. Poyambira pabwino ndi Omega Centauri, chimulu cha nyenyezi mamiliyoni chimene chimaoneka ndi maso kuyambira Epulo mpaka Julayi, chachikulu ngati mwezi wathunthu, kenako nebula ya Carina. Nebula ya mu Akamwiniatsatana madzulo imapezeka nthawi ya dzinja pamene mitambo yatseka. Idzukireni m'bandakucha wa Seputembala. Timphete takuda tosasuntha m'chithunzi ndi fumbi la pasensa, liuzireni ndi kapampu ka labala, osati ndi pakamwa.

Ngati kamera yanu ndi foni

Zonsezi zikugwirabe ntchito, kungoti eyepiece imakhalapo ndipo foni imasuzumira mmene diso limachitira. Pamanja simungathe, pezani adaputala yoigwira. Yambani ndi eyepiece ya mamilimita 25. Mukaona kabwalo kakang'ono kowala kozunguliridwa ndi mdima, sunthani foni moyandikira kapena motalikira mpaka kabwaloko kadzaze. Mafoni a makamera angapo amasintha okha lenzi mukakulitsa, sikirini n'kuda mwadzidzidzi. Lowani mu Pro, mukhale pa 1x. Fokasi ya foni ikani pa manual kumapeto kwa zakutali, yotsalayo muchite pa telesikopu. Zimitsani flash ndi night mode, ndipo pojambula dinani batani la voliyumu la pa mahedifoni a waya kuti musakhudze foni.

Mukamaliza, telesikopu yonyowa ndi mame musaitsekere m'bokosi. Chinyezi cha kunyanja chimameretsa chuku m'magalasi, timizu toyera timene timadya utoto wa pagalasi ndipo sitichoka. Isiyeni m'nyumba yosavundikira, kukamwa kutaloza pansi, mpaka iume, ndiye muitseke pamodzi ndi timapaketi ta silica gel.